Mabuku amene amatsegula chitseko cha kuchipinda

M'chaka cha 2012 mlembi wa ku America, Gillian Flynn, anatulutsa buku la nkhani yopeka lotchedwa Gone Girl. Nkhaniyo imayamba tsiku limene Nick ndi Amy Dunne akwanitsa zaka 5 ali m'banja. Nick akupeza chitseko cha nyumba chili chotsegula, pabalaza katundu ali mbwee, mkazi kulibe. Apolisi ndi atolankhani onse maso ali pa mwamuna. Wowerenga nayenso amamuloza chala, makamaka akaona kope limene Amy ankalembamo za kumtima kwake, lodandaula za mwamuna amene wayamba kumuopsa. Ndiye pakati pa buku zinthu zimatembenuka. Amy ali moyo, zam'kope zija anachita kupeka, ndipo akufuna mwamuna wake amangidwe pa mlandu wakupha chifukwa anamuona ali ndi chibwenzi.

Bukuli linagulidwa m'mamiliyoni, ndipo mu 2014 David Fincher analisandutsa filimu. Pambuyo pake mabuku otere anachuluka. Mu 2015 kunabwera The Girl on the Train la Paula Hawkins, mayi wa ku Britain amene anabadwira ku Harare. Mu 2019 kunabwera The Silent Patient la Alex Michaelides, lonena za mayi wojambula zithunzi amene anawombera mwamuna wake n'kusiyiratu kulankhula. N'chifukwa chiyani anthu amene Loweruka amakavina ndi kufupa paukwati, usiku wake amachezera kuwerenga za mabanja odyana?

Choyamba ndi mtundu wa mantha amene ali m'mabukuwa. Amene tinakula tikubwerekana mabuku a James Hadley Chase tikukumbuka kuti zoopsa zinkakhala kunja: zigawenga, mfuti, ndalama zakuba. Ukatseka buku n'kukhoma chitseko, unkagona tulo. M'mabuku a mabanjawa, munthu woopsayo ali ndi kiyi wake. Galu samuuwa. Amadziwa ngongole zako, mankhwala amene umamwa, chimene unachita uli mwana chimene sunauzepo wina aliyense. Zonse zimene unamupatsa chifukwa cha chikondi akhoza kukulasa nazo. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo palibe pamene mawuwa amaluma kuposa pakati pa anthu awiri ofunda bulangete limodzi.

Nkhani zotere sizinayambe dzulo. Mu 1938 Daphne du Maurier analemba Rebecca. Mtsikana wosauka, amene dzina lake silitchulidwa m'buku lonse, akwatiwa ndi bambo wachuma wofedwa mkazi, Maxim de Winter, n'kupita kunyumba yake yaikulu yotchedwa Manderley. Kumeneko chilichonse chikadali cha mkazi woyamba, Rebecca, ndipo mayi woyang'anira antchito, Mrs Danvers, amamukumbutsa tsiku ndi tsiku kuti sangafanane ndi malemu. Mtsikanayo amavutika poganiza kuti mwamuna wake akulirabe Rebecca. Choona n'chakuti Maxim ankadana naye, ndipo ndiye anamupha. Chimene chimandiziziritsa nkhongono n'chakuti mtsikanayo atamva zimenezi mtima unakhala pansi, poti wadziwa kuti akukondedwa, ndipo anathandiza kubisa mlanduwo. Du Maurier anaona bwino kuti njala yofuna kukondedwa imatha kumeza chikumbumtima cha munthu.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ndicho chachikulu, mabukuwa amamuika wowerenga pampando wa nkhoswe. Mwamuna afotokoza mbali yake, mkazi yake, aliyense akudziyeretsa, iwe uweruze. Kawirikawiri umayamba wakhulupirira wolankhula mokoma, kenako manyazi n'kukugwira. Mu The Girl on the Train, Rachel ndi chidakwa, ntchito inamuthera, banja linatha. Akaledzera amaiwala zimene zachitika, ndipo mwamuna wake wakale, Tom, ankamuuza m'mawa kuti usiku anachita zachiwawa. Iye ankakhulupirira, n'kumapepesa. Kumapeto zimadziwika kuti wachiwawayo anali Tom. Apolisi sankamumvera Rachel chifukwa ankanunkha mowa, pamene Tom anali bambo waulemu wake. Mu Behind Closed Doors la B.A. Paris, la mu 2016, mwamuna ndi loya woimira amayi omenyedwa ndi amuna awo, koma kunyumba mkazi wake amamutsekera m'chipinda.

Apa ndi pamene nkhani zopekazi zimakumana ndi moyo weniweni. Nkhanza zambiri sizisiya chipsera pathupi. Kumulanda mnzako foni, kumuletsa kukaona abale ake, kumusungira khadi ya kubanki, kumuuza kuti mutu wake sukugwira mpaka iye mwini ayambe kudzikayikira, zonsezi ndi nkhanza. Ku England ndi Wales lamulo linayamba kuona kupondereza kotere ngati mlandu mu 2015. Kuno kwathu lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limatchulanso nkhanza zozunza maganizo ndi za pachuma. Lamulo limangotchula dzina la nkhanzayo, koma buku limakulowetsa m'nyumbamo kuti uone mmene imayambira, pang'onopang'ono, ikuoneka ngati chikondi.

Si chinsinsi chilichonse chimachokera ku mtima woipa. Buku la Stay With Me, limene Ayobami Adebayo wa ku Nigeria anatulutsa mu 2017, limanena za Yejide, amene akunyozedwa kuti sabereka mpaka akuchimuna kubweretsa mkazi wachiwiri. Mwamuna wake, Akin, akudziwa kuti vuto lili ndi iye, koma m'malo moulula akupangana ndi mng'ono wake kuti alowe m'nyumba. Mmalawi amene anamvapo za fisi sadzafuna womumasulira. Akin amamukonda mkazi wake, koma manyazi akumukulira kuposa chikondicho, ndipo banja lipasuka.

Ena amati mabuku otere amawononga, amaopseza achinyamata kulowa m'banja ndi kudzala kukayikirana pamene panali mtendere. Mbali ina akunena zoona. Alembi amakokomeza kuti buku ligulidwe, ndipo munthu ngati Amy Dunne ndi wosowa. Kungakhale kulakwa kwakukulu kutenga nkhani yake ngati chifukwa chokayikira mayi amene wabwera akulira kuti akumenyedwa. Komanso buku lisakutumeni kukafufuza m'foni ya mnzanu pakati pa usiku, pakuti munthu aliyense, ngakhale ali m'banja, ali ndi zake zamumtima.

Komabe ine ndikuti mabukuwa ndi ofunika. Chimene chimapha anthu m'nkhanizi ndi chionetsero: banja kukongola pamaso pa alendo, pa Facebook ndi kutchalitchi, m'nyumba muli moto, onse ozungulira n'kumasirira. Timalangiza akwati kuti banja ndi kupirira, za m'nyumba zisatuluke. Malangizowo anasunga ulemu wa mabanja ambiri, koma anabisanso anthu ankhanza ambiri.

Choncho werengani mabukuwa, muwabwerekenso anzanu. Alembi athu lembani nkhani zotere m'Chichewa, poti zinsinsi za ana akunja, ngongole zobisa ndi matenda osaululirana zilipo pakati pathu. Ndipo inu ankhoswe, alangizi ndi akuluampingo, banja likabwera ndi mlandu musatengeke ndi wodziwa kuyala mawu. Muitaneni payekha amene wangowerama osalankhula, mumufunse bwinobwino, ndipo mudekhe mpaka amalize kufotokoza.