Musafufute nambala za masamba m'mabuku a Braille

M'kalasi ya ku Canongola, monganso m'sukulu zina za mu mzinda wa Tete, phunziro limayamba ndi lamulo lalifupi: tsegulani buku pa tsamba 47. Ana oona amangovundukula, m'kamphindi afika. Mwana wosaona amene akuwerenga pa kamakina ka Braille amafika nawo limodzi pokhapokha ngati nambala 47 ilimo m'fayilo yake. N'chifukwa chake ndikutsutsa maganizo akuti nambala za masamba zizichotsedwa m'mabuku a Braille a pa makina, ati poti zimasokoneza kuwerenga.

Dandaulo la ofuna kuzichotsa ndi lomveka. Tsamba la Braille la pepala limakhala ndi mizere 25, uliwonse wa zilembo pafupifupi 40, ndipo nambala imakhala pakona pomwe chala chimaidumpha mosavuta. Makina alibe kona. Orbit Reader 20 imaonetsa mzere umodzi wa zilembo 20 basi, timadontho tikutukuka ndi kumira pansi pa zala. Fayilo ya mtundu wa BRF imasunga kayalidwe konse ka pepala, motero chiganizo chili mkati chala chimagwera pamalo opanda kanthu, kenako nambala, kenako mawu n'kupitirira. Wowerenga nthano usiku angatope nazo ndithu. Koma nambalazi zilipo za mitundu iwiri, ndipo kuzisakaniza ndiko kulakwa. Ina imawerenga masamba a Braille yeniyeniyo. Pa makina imeneyi ilibe ntchito, ipite. Inayo imanena tsamba la buku la anthu oona, ndipo pakati pa ziwirizi palibe kufanana, chifukwa tsamba limodzi losindikizidwa limadya masamba a Braille awiri kapena atatu. Yachiwiriyi ndiyo imachititsa kuti wosaona ndi mnzake wa pa desiki imodzi akhale pa ndime imodzi nthawi imodzi. Mphunzitsi wa ana ochuluka, amenenso sadziwa Braille, sangaimitse kalasi kuti amufufuzire malo. Mwanayo amangokhala chete, phunziro n'kumupitirira, mawa n'kumanenedwa kuti ndi wochedwa kumva.

Ena ayankha kuti makinawa amatha kufufuza mawu, ndiye nambala n'zachiyani. Kufufuza kumafuna kuti udziwe kale mawu amene ali pa tsambalo. Mphunzitsi sanena mawu, amanena nambala. M'buku la masamu mawu akuti "exercício" angapezeke pafupifupi tsamba lililonse, ndipo mwana adzadina batani mpaka belu kulira. Kumtunda kwa maphunziro vuto limakula. Wophunzira wa pa Universidade Púnguè akalemba pepala lake amayenera kusonyeza tsamba lomwe watenga mfundo. Akapatsidwa fayilo yofufutidwa nambala, ayenera kukapempha woona kuti amuyang'anire, chinthu chomwe Louis Braille ankafuna kuthetsa pomwe adafalitsa zilembo zake za timadontho 6 mu 1829.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi chakuti nkhaniyi ndi ya okhuta. Ku Tete makinawa ndi osowa, ndipo ambiri amene aphunzira Braille amalemba ndi kachitsulo koboolera pa pepala lolimba. Zoona. Koma fayilo imakhala nthawi yaitali kuposa makina. Buku likasandutsidwa Braille kamodzi, kaya ku Beira komwe kuli sukulu ya osaona ndiponso komwe bungwe la osaona la ACAMO lidayambira, kaya ku Montfort College ku Nguludi m'dziko la Malawi, fayilo yomweyo imayenda pa kakhadi ka memori ndi pa WhatsApp kwa zaka. Pangano la Marrakesh la 2013, lomwe Malawi adalowamo mu 2017, lidapangidwa kuti mabuku otere aziwoloka malire a mayiko. Nambala zikachotsedwa pa fayilo yoyamba, onse olandira pambuyo alandira buku lolumala, ndipo kuzibwezera kumafuna munthu woona akhale pansi ndi buku losindikizidwa n'kuyamba tsamba 1.

Choncho wokonza buku asiye nambala za buku la oona m'malo mwake, iliyonse pa mzere wakewake kuti chala chiizindikire msanga n'kuidumpha. Mabuku a pa makina a mtundu wa DAISY adasonyeza kale njira: nambala imakhalamo, ndipo munthu amalumphira pa tsamba lomwe akufuna. Wofuna kuwerenga nthano popanda chomupunthwitsa achotse pa kope lake, fayilo yoyamba aisiye yathunthu. Masukulu ndi mabungwe amene adzagulire ana a ku Tete makinawa afunse za nambala za masamba asanalandire fayilo ya buku lililonse la kalasi.