Sikelo ya chikonga ili kuti?

Fodya wochoka m'boma lino la Mecanhelas sapita osapimidwa. Mlimi akathyola masamba, nkuwasoka, nkuwayanika m'chigafa mpaka kuuma, amawasankha m'magiredi ndipo kenaka amadinda belo. Pa msika wa kampani belo lija limakwera pa sikelo, wogula amalifukula pakati kuti aone ngati mulibe zinyalala, mapulasitiki kapena fodya wonyowa, ndipo ndiye amene amanena giredi ndi mtengo wake. Mlimi angalumbire chotani kuti fodya wake ngwabwino, mawu ake okha sagwira ntchito. Masambawo akafika ku fakitale, monga ya Mozambique Leaf Tobacco ya ku Tete, amayesedwanso, pakuti makampani opanga ndudu safuna kugula chinthu chimene sakudziwa mphamvu yake.

Tsono pali fodya wina amene sachoka kuno koma amachita kubwera. Ameneyu ndi ndudu yamagetsi ija achinyamata amaitcha vape. Ndi kachipangizo konga cholembera kapena bokosi la machesi, ndipo m'kati mwake muli batire, kawaya kotentha ndi timadzi. Munthu akakoka mpweya, kawaya kaja kamatenthetsa timadzito nkutisandutsa nthunzi. Anayambitsa ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, m'chaka cha 2003, ndipo zambiri mwa nduduzi zimapangidwa mu mzinda wa Shenzhen. Chimene chagwira msika ku Nampula kapena ku Blantyre sichichedwa kufika ku Insaca. Chimakwera chapa ku Cuamba, chimadutsa pa Nayuchi ndi Entre Lagos, penanso chimabwera m'chikwama cha mnyamata wochokera ku Joni. Nthunzi yake imanunkhira mango kapena maswiti, motero kholo likhoza kukhala limodzi ndi mwana wosuta chaka chathunthu osamva fungo la fodya.

M'timadzi tija muli chikonga, chimene madokotala amati nikotini. Anthu a kuno safunika kuwaphunzitsa za chikonga. Aliyense amene anathyolapo fodya m'mawa mame asanaume akudziwa chizungulire, mutu ndi nseru zimene zimabwera pambuyo pake, ndipo chimenecho ndi chikonga cholowera pakhungu. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan International linalengeza kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi amatha kulowetsa m'thupi mamiligalamu 54 a chikonga pa tsiku, mofanana ndi kusuta ndudu 50. Alimi ena amaviika zotsalira za fodya m'madzi nkuwaza m'dimba kuti nsabwe za ndiwo zamasamba zife. Ndiye kuti mphamvu yake ndi yodziwika bwino. Chosadziwika ndi kuchuluka kwake m'kachipangizo kogulidwa pa baraka.

Chingambwe cha agogo chili ndi ubwino umodzi, chimachenjeza. Mwana akaba nkukoka kamodzi amatsamwa, misozi nkulengeza, ndipo ambiri amalekera pomwepo. Ndudu yamagetsi ya masiku ano anaichotsa chenjezo limeneli. Kuyambira pamene kampani ya Juul ya ku America inatulutsa zake m'chaka cha 2015, opanga ambiri amasakaniza chikonga ndi asidi kuti chisakande kukhosi. Juul inkagulitsa timadzi ta mamiligalamu 59 pa mililita imodzi, koma wosuta osatsokomola. Ndudu wamba imatha, munthu nkutaya kotsala. Iyi siitha msanga, ndipo mwana amangokoka m'kalasi, m'chimbudzi, ngakhale m'bulangete usiku. Madokotala amanena kuti ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo chikonga chikaugwira usanakhwime chibaba chake chimavuta kuchithetsa. Timadzito tikamwedwa ndi mwana wamng'ono ndi poizoni weniweni.

Manambala a pa bokosi ndi osavuta kwa munthu amene wauzidwa. Pakalembedwa 2%, ndiye kuti mililita iliyonse ili ndi mamiligalamu 20 a chikonga, ndipo pakalembedwa 5% ndi mamiligalamu 50. Kachipangizo ka mamililita 2 pa 2% kali ndi mamiligalamu 40 onse pamodzi, koma ka mamililita 10 pa 5% kali ndi 500. Sikuti chonsecho chimalowa m'magazi, ayi, koma poyerekeza, wosuta ndudu imodzi wamba amalowetsa m'thupi miligalamu imodzi kapena awiri basi. Tizipangizo tiwiriti tikhoza kukhala pa shelefu imodzi, tofanana mtundu ndi fungo, wogulitsa naye osadziwa kusiyana kwake.

Nchifukwa chake maboma ena anaika malire. Mayiko a European Union anagwirizana m'chaka cha 2014, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2016, kuti timadzi tisapitirire mamiligalamu 20 pa mililita, kathanki kasapitirire mamililita 2, botolo lowonjezerera lisapitirire mamililita 10, ndiponso kuti kampani idziwitse boma kutatsala miyezi 6 kuti iyambe kugulitsa. Dziko la Canada linaika malire omwewo a mamiligalamu 20 m'chaka cha 2021. Ena sanafune zowerengera, anangoletseratu malondawo: Brazil m'chaka cha 2009, Uganda mu 2015 ndi India mu 2019. Koma mu Disembala 2023 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linati mayiko 74 analibe lamulo lililonse pa ndudu zimenezi, ndipo 88 analibe msinkhu woyambira kugula.

Komatu nambala yolembedwa pa bokosi ndi mawu chabe a mwini katundu, monga aja a mlimi wotamanda belo lake. Ku Britain, kumene malire a mamililita 2 analipo kale, nyuzipepala ya Daily Mail inagula ndudu za Elf Bar 600 m'masitolo akuluakulu nkuzitumiza kokayesa, ndipo inalengeza zotsatira zake mu Febuluwale 2023. Zinapezeka kuti zinali ndi mamililita 3 kapena kuposerapo. Kampani inavomera nkupepesa, masitolo nkuzichotsa pa mashelefu. Chochititsa manyazi nchakuti wogwira wakubayo anali mtolankhani. Boma linali litalandira mapepala a kampani nkukhutira nawo. Ku Australia nako, m'chaka cha 2019, akatswiri analengeza kuti anayesa mabotolo 10 olembedwa kuti mulibe chikonga, ndipo mu 6 anachipeza. Ngati zinatheka m'mayiko okhala ndi makina ndi ndalama, nanga bokosi lolembedwa Chingerezi kapena Chitchaina, lopanda dzina la woitanitsa, logulitsidwa kwa mwana wa sukulu amene Chipwitikizi chomwe akuchiphunzira kumene? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, koma uyu ngakhale atafika pamphuno mwini wake sadziwa chimene wakoka.

Dziko lino silikuyambira pa bwalo loyera. Decreto 11/2007 ya pa 30 Meyi 2007 inaletsa kugulitsa fodya kwa ana osakwana zaka 18 ndiponso kusuta m'malo opezekamo anthu ambiri. Kungoti inalembedwa pamene ndudu yamagetsi inali itangoyamba kumene kutuluka m'dziko la China, ndipo olembawo ankaganiza za tsamba ndi ndudu ya pepala. M'chaka cha 2017 Mozambique inalowa kwathunthu m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya, ndipo Malawi inalowa mu 2023. M'pangano limenelo muli ndime yonena za kuyesa ndi kupima zimene zili m'kati mwa fodya wogulitsidwa. Mabungwe oti agwire ntchitoyi aliponso: INNOQ imene imaika miyezo ya katundu, ndi bungwe la boma limene limayendera masitolo nkulanda katundu woonongeka kapena wachinyengo.

Lamulo lililonse lokhudza nduduzi, lakale kapena latsopano, liyenera kuyankha mafunso awiri: malire a chikonga ndi angati, ndipo adzayesa ndani? Funso lachiwirilo ndilo lovuta. Chikonga sachiyesa ndi lilime. Pamafunika makina olekanitsa zosakaniza za m'timadzi, munthu wophunzira kuwayendetsa ndi magetsi osazimazima, ndipo palibe amene akuyembekezera zimenezo ku Insaca kapena ku Chiuta. Maputo nako ndi ulendo wa masiku pa basi. Malo oyenera kugwirira katunduyu ndi polowera pake, pa madoko a Nacala, Beira ndi Maputo ndiponso pa mabwalo a ndege. Woitanitsa apereke zitsanzo, alipire yekha zoyesera, ndipo katundu asatuluke m'manja mwa akasitomu mpaka zotsatira zitabwera. Pambuyo pake boma lizigulanso mobisa m'masitolo nkuyesa kachiwiri, pakuti nkhani ya Elf Bar yaonetsa kuti chitsanzo chopita ku boma ndi katundu wopita kwa anthu sizifanana nthawi zonse.

Boma la Mecanhelas lili ndi vuto lakelake. Malire ake ndi Malawi ndi madzi ndi madambo a Chiuta ndi Chilwa, kumene nsomba, shuga ndi chimanga zakhala zikuoloka pa bwato ndi pa njinga kuyambira kale. Dziko limodzi likaika malire a 2% linzake nkulekerera 5%, katundu wa 5% adzagona tsidya lina nkudzuka tsidya lino. Mwa ichi nkoyenera kuti INNOQ ndi Malawi Bureau of Standards ya ku Blantyre agwirizane nambala imodzi. Pa chifukwa chomwechi, kuletseratu monga anachitira a ku Brazil sikukuoneka kuti kungathandize kuno. Chinthu choletsedwa sichileka kubwera, chimangoleka kudutsa pa kasitomu, ndipo chosadutsa pa kasitomu palibe angachiyese.

Alimi ena amachita mantha akamva za malamulo a fodya, poganiza kuti boma likufuna kuwalanda ndalama ya sukulu ndi malata. Nkhani ino siikhudza chigafa cha munthu. Tizipangizoti timasonkhanitsidwa ku China, ndipo tina tili ndi chikonga chopangidwa m'fakitale popanda tsamba ngakhale limodzi, kotero kuti dziko la America linachita kusintha lamulo lake mu 2022 pofuna kuti chikonga choterecho chisazembe. Palinso amene amati ndudu yamagetsi imathandiza munthu wamkulu kusiya ndudu wamba, ndipo azaumoyo a ku Britain amavomereza kuti kwa wosuta kale kuopsa kwake nkocheperapo. Koma munthu ameneyo ndiye akufunikitsitsa nambala yoona, chifukwa sangatsike kuchoka pa 20 kufika pa 10 ngati bokosi likunama. Britain yemweyo analetsa ndudu zamagetsi zosuta nkutaya kuyambira pa 1 Juni 2025, ataona kuchuluka kwa ana ozigula ndi mabatire otayidwa paliponse.

Makina asanafike, zilipo zimene woyendera masitolo wa boma ngakhale mkulu wa pa msika angathe kuona ndi maso. Bokosi lili ndi nambala ya chikonga? Lanena mamililita? Pali chenjezo m'Chipwitikizi ndi dzina la kampani ya m'dziko muno imene inaitanitsa? Wogula ali ndi zaka zingati? Aphunzitsi nawo, makamaka a masamu ku sekondale, angathe kutenga bokosi limodzi lotoledwa kuseri kwa kalasi nkuuza ana achulukitse 50 ndi 10 pa bolodi.