Ndani Adamwaza Ndalama za Ajeremani?

Pali nkhani imodzi imene imaseketsa anyamata ndi asungwana ambiri a pa sukulu pano tikamakamba za maiko akutali. Nkhaniyo ndi yakuti ku Germany, dziko limene limapanga galimoto za Mercedes-Benz ndi BMW, munthu angathe kulowa m'sitolo ya buledi ali ndi khadi la ku banki, napeza chikwangwani pakhomo chonena kuti muno tilandira ndalama zogwirika zokha. Ife amene tidazolowera kuona amayi a pa msika alikulandira ndalama pa lamya ya m'manja timangofa ndi phwete. Ena amaonjezanso kuti maofesi a boma kumeneko adakakamira makina a fakisi, aja otumiza chithunzi cha kalata pa waya wa lamya, ndi kuti bwalo la ndege la ku Berlin lidatha zaka 14 likumangidwa. Zonsezi amaziika m'dengu limodzi nanena kuti Ajeremani ndi anthu amantha ndi ochedwa, nchifukwa chake ndalama zao zimaonongeka.

Ine sindivomereza. Zinthuzo nzoona, koma dengulo ndi lolakwika. Munthu wogula buledi ndi makobidi sadatayitse dziko lake kanthu. Amene adamwaza ndalama ndi akuluakulu a boma, ndipo adazimwaza pothamanga, osati pochedwa.

Tiyeni tiyambe ndi munthu wamba. Mjeremani ndi munthu wosamala ndithu. Akamwa zakumwa za m'botolo la pulasitiki kapena m'chitini satayako iyayi, amabwerera nalo ku sitolo nakalandira masenti 25. Zinyalala amazisiyanitsa, mapepala paokha, magalasi paokha, zotsala za chakudya pazokha. Lamulungu masitolo ambiri amakhala otseka, ndipo amene waiwala kugula mchere Loweruka adzionere yekha. M'chinenero chao liu lotanthauza ngongole ndi lomwelo lotanthauza kupalamula, chinthu chimene chimandiseketsa ndikakumbukira anzathu ena okonda kukongola sopo ku malo ogona. Banki yaikulu ya dzikolo idapeza kuti m'chaka cha 2017, pa zogula 100 zilizonse, 74 zidalipiridwa ndi ndalama zogwirika, ndipo m'chaka cha 2023 zidatsika kufika pa 51. Taonani tsono, anthuwa akusintha, koma akusintha pang'onopang'ono monga munthu woyesa madzi ndi phazi asanaoloke.

Kodi kuyesa madziku nkupusa? Akulu adati galu wamkota sakandira pachabe. M'chaka cha 1939 boma la Hitler lidawerenga anthu, ndipo pa kalembera ameneyo padali khadi lapadera lofunsa munthu aliyense ngati wina mwa agogo ake anai adali Myuda. Nkhondo itatha, chigawo cha kum'mawa chidakhala ndi apolisi achinsinsi otchedwa Stasi. Pofika 1989 iwowa adali ndi antchito oposa 90,000 ndi akazitape obisika oposa 170,000, m'dziko la anthu ngati 16 miliyoni. Mapepala amene adalemba za anthu, mutawandandalika m'mashelefu, atalika makilomita 111. Kuyambira 1992 anthu adaloledwa kukawerenga zimene zidalembedwa za iwo, ndipo ena adapezamo dzina la mnansi wao, ena la bwenzi, ena la mwamuna wao weniweni. Nanga munthu amene makolo ake adaona zotere, mungamdabwe akamakana kuti makina azilemba tsiku ndi tsiku chimene wagula, kumene wagula, ndi nthawi yake?

Ngakhale a kumadzulo, amene sadalawe Stasi, adaonetsa mtima womwewo. Mu 1983 boma lidafuna kuwerenga anthu, koma anthu adadandaula ku khoti lalikulu la ku Karlsruhe, ndipo khotilo lidagamula kuti munthu ali ndi ufulu wolamula yekha za mbiri ya moyo wake. Kalemberayo adachitika mu 1987 lamulo litakonzedwa. Mu 2010 kampani ya Google itafuna kuonetsa zithunzi za misewu ya m'mizinda yao pa intaneti, mabanja oposa 240,000 adapempha kuti nyumba zao zibisidwe. Ena akunja adaseka. Koma ndani lero, ataona momwe makampani aakulu amagulitsirana mbiri za anthu, anganene ndi mtima wonse kuti mabanja aja adali opusa?

Za fakisi sindiwaikira kumbuyo. Mu 2020, matenda a korona atabuka, maofesi ambiri a zaumoyo ankatumizirana maina ndi ziwerengero za odwala pa fakisi, kalaliki nazilembanso ndi dzanja mu kompyuta, ndipo pa nthawi ya mliri tsiku limodzi lotayika ndi lalikulu. Ichi chidali chamanyazi. Koma funsani kuti adachititsa ndani. Mu 1981 boma la Helmut Schmidt lidakonza zoti dziko liyalidwe nthambo za galasi, zimene lero zimanyamula intaneti yothamanga. Boma la Helmut Kohl litalowa mu 1982 lidaika ganizolo pambali, nilisankha nthambo za mkuwa zobweretsa wailesi ya kanema m'nyumba msangamsanga. Mu 2017 boma lidadzilamula lokha kuti ntchito zake 575 zizipezeka pa intaneti pofika kumapeto kwa 2022, ndipo nthawiyo idakwana zambiri zisanatheke. Kalaliki wa mu ofesi sagula yekha makina. Amagwira ntchito ndi chimene apatsidwa.

Tsono tifike ku bwalo la ndege, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Bwaloli, lotchedwa Berlin Brandenburg, lidayamba kumangidwa mu 2006 ndipo lidayenera kutsegulidwa mu 2011 pa mtengo wa mayuro ngati 2 biliyoni. Eni ake adali maboma atatu, la mzinda wa Berlin, la chigawo cha Brandenburg ndi la dziko lonse, ndipo wapampando wa bungwe loyang'anira adali Klaus Wowereit, mfumu ya mzinda wa Berlin, munthu wandale osati mmisiri. Poyamba adafuna kupereka nyumba yaikulu ya apaulendo kwa kampani imodzi kuti imange yonse, koma ataona mitengo imene makampani adatchula adati yakwera, nagawa ntchitoyo zidutswazidutswa kuti aziyang'anira okha. Adaganiza kuti apulumutsa ndalama. Kenaka, makoma ali kukwera kale, adayamba kusintha mapulani, apa tikulitse, apa tionjeze nsanja ina, apa pakhale masitolo. Aliyense amene adaonapo nyumba ikumangidwa adziwa chimene chimachitika mwini nyumba akamasuntha khomo njerwa zitafika kale pa zenera.

Chimene chidawagwetsa ndi utsi. Nyumba yotere iyenera kukhala ndi njira yotulutsira utsi moto ukabuka, kuti anthu asabanike. Pofuna kuti denga lioneke lokongola, adakonza zoti utsi wina uzikokedwera pansi, kudzera m'mipope ya kunsi kwa nyumba. Ha! Ngakhale mwana wosonkha moto kukhitchini adziwa kuti utsi umakonda kukwera. Akatswiri amati njira yotere njotheka, koma imafuna makina ambiri ogwirizana bwino, ndipo pa nyumba imene idasinthidwa kambirimbiri makinawo sadagwirizane. Tsiku lotsegulira lidaikidwa pa 3 June 2012, matikiti adagulitsidwa, eni masitolo adalemba antchito nagula katundu. Pa 8 May, kutangotsala masiku 26, adalengeza kuti sizitheka. Ndipo m'malo mwakuti akhale pansi aganize, mwezi womwewo adachotsa ntchito akatswiri olemba mapulani, ndiwo anthu amene ankadziwa kumene waya uliwonse wapita.

Zotsatira zake zikhoza kukuseketsani mutapanda kukumbukira kuti ndalamazo nza msonkho. Kunsi kwa bwalolo kudali siteshoni ya sitima yotha kale, ndipo sitima zopanda munthu zinkayendetsedwa m'menemo kuti mpweya uziyenda, makoma angachite chuku. Mu 2018 adachotsa zikwangwani zamagetsi 750 zosonyeza nthawi ya ndege, chifukwa zidakhala zikuyaka zaka zambiri mpaka kutha ntchito, wapaulendo ngakhale mmodzi asanaziwerenge. Bwalolo lidatsegulidwa pa 31 October 2020, pakati pa mliri, anthu ambiri atasiya kuyenda, ndipo lidadya mayuro oposa 6 biliyoni. Mwa zonsezi ndisonyezeni pamene pali mantha a makina atsopano. Ine ndionapo anthu ofuna makina odabwitsa koposa, ofuna kutsegula msanga, ndi osafuna kumva mau akuti sitinakonzeke.

Ku Hamburg kudachitika zofanana. Kumeneko adamanga nyumba ya nyimbo yotchedwa Elbphilharmonie pamwamba pa nyumba yakale yosungiramo katundu pa doko. Anthu adauzidwa kuti mzinda udzalipira mayuro 77 miliyoni. Pangano ndi omanga lidasainidwa mapulani asanathe kulembedwa, ngakhale olemba mapulaniwo adachenjeza. Ntchito idayamba mu 2007, nyumba idatsegulidwa mu January 2017, ndipo mzinda udalipira mayuro 789 miliyoni, ndiko kuti kakhumi. Nyumbayo njokongola, ndipo lero anthu a mumzindawo amainyadira. Koma kukongola sikuyankha funso lakuti akadauzidwa mtengo weniweni pachiyambi akadavomera kodi.

Choipitsitsa kwa ine ndi cha msonkho wa pamsewu. Boma lidafuna kuti galimoto zing'onozing'ono zizilipira poyenda pa misewu ikuluikulu, koma lidakonza mochenjera kuti Ajeremani eni azibwezeredwa ndalamazo pochepetsa msonkho wina wa galimoto, kotero kuti olipira enieni akhale alendo. Dziko la Austria lidakasuma ku khoti la maiko a ku Ulaya. Mlandu uli mkati, nduna ya za mtengatenga, Andreas Scheuer, idasaina mapangano ndi makampani kumapeto kwa 2018. Pa 18 June 2019 khoti lidagamula kuti msonkhowo ngwosemphana ndi lamulo, ndipo mu 2023 boma lidalipira makampaniwo mayuro 243 miliyoni. Palibe galimoto ngakhale imodzi imene idalipirapo msonkho umenewo. Ndunayo ikadangodikira miyezi isanu ndi umodzi! Kuthamanga sikufika, ndipo pano kudali kuthamanga ndi thumba la eni.

Wina adzandifunsa za ku Stuttgart, kumene akhala akukumba siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka kuyambira 2010, imene idayenera kutha mu 2019 koma mtengo wake udapitirira mayuro 11 biliyoni. Adzati kumeneko anthu wamba ndiwo adaponya voti mu 2011 kuti ntchito ipitirire. Inde adatero, ndipo sindinena kuti anthu wamba salakwa. Koma poponya votiyo adauzidwa kuti mtengo sudzapitirira 4.5 biliyoni.

Chimene ndiwayamikira Ajeremani nchakuti sabisa manyazi ao. Ali ndi bungwe la okhoma msonkho, lokhazikitsidwa mu 1949, limene chaka ndi chaka limasindikiza buku lotchedwa Buku Lakuda, m'mene amalemba ntchito za boma zimene zamwaza ndalama, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Ali ndi dzina lachipongwe la milatho imene idamangidwa popanda msewu wofikako, dzina lotanthauza kuti mlathowo wangokhalapo basi. Umodzi uli pafupi ndi Euskirchen, pakati pa minda, udamangidwa m'zaka za m'ma 1970 kudikira msewu waukulu umene sudabwere. Nkhani zonse zimene ndalembazi tikuzidziwa chifukwa nyuzi zao zidafufuza ndipo nyumba zao za malamulo zidaitana akuluakulu kudzayankha. Amene alikuseka akumbukire kuti kuli maiko ambiri kumene ndalama zimatayika chimodzimodzi koma buku silisindikizidwa.

Pamene mabiliyoni ankapita ku nyumba zatsopano, zakale zinali kuola mwakachetechete. Mu 2024, mwa sitima 100 za maulendo ataliatali, ngati 62 zokha ndizo zidafika pa nthawi yake, m'dziko limene kale anthu ankati ungakonze wotchi yako poona sitima. Usiku wa pa 11 September 2024, mbali ina ya mlatho wa Carola mumzinda wa Dresden idagwera mumtsinje wa Elbe. Sitima yaing'ono ya mumzinda idali itangodutsapo mphindi zochepa zapitazo, ndipo mwamwai palibe adafa. Mbali imene idagwayo idali pa ndandanda yoti ikonzedwe mu 2025.

Mu March 2025 nyumba ya malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti boma likongole mayuro 500 biliyoni okonzera misewu, njanji, milatho ndi zina zotero. Kwa anthu oopa ngongole chotere, ichi nchinthu chachikulu zedi, ndipo odzabweza ndi achinyamata a msinkhu wathu. Ndikadakhala mmodzi wa iwo, sindikadavutika ndi mai wa buledi wokana khadi. Ndikadafuna kuti pa ntchito iliyonse tione mapulani otha, ovomerezedwa ndi a zozimitsa moto, nduna isanagwire fosholo pamaso pa ojambula zithunzi. Ndipo ndalama zoyamba ndikadazipereka ku milatho yakale, ngakhale ndidziwa kuti palibe nduna imene imakonda kuitana oimba ndi atolankhani pa mlatho wongosinthidwa zitsulo.