Sukulu imayambira pakhomo

Pamene boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, ana oposa 1 miliyoni adakhamukira kusukulu nthawi imodzi. Lidali dalitso ndithu, koma mpaka lero m'sukulu zina za boma mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 amayang'anira ana oposa 100. Kodi iyeyo angaipeze kuti nthawi yomangira mwana aliyense mabatani?

Ine ndikuona kuti makolo ambiri m'tauni muno asokoneza zinthu. Amalipira ndalama zankhaninkhani kusukulu za mkaka kuti mwana aloweze ABC, nkumamuimbitsa pamaso pa alendo. Chonsecho mwana yemweyo sangapite yekha kuchimbudzi. Akadziipitsira m'kalasi anzake nkumuseka, mawa lake amakana sukulu, ABC wake ali m'mutu.

Mwana wa zaka 6 asanavale yunifomu adziwe dzina lake lonse, la makolo ake ndi dera lomwe amakhala. Adziwe kuvala yekha, kusamba m'manja ndi sopo, kusunga kope ndi pensulo, kudikira pamzere komanso kuyang'ana uku ndi uku asanaoloke msewu. Chachikulu, asaope kuuza aphunzitsi kuti sanamve kapena akufuna kutuluka.

Inu amene mwabwera ndi ana kuchokera ku London kapena Johannesburg, aonetseni chimbudzi chokumba tsikulo lisanafike, ndipo kumbukirani kuti pabwalo la sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe ana amasewera m'Chichewa.

Zonsezi sizilira ndalama ayi. Mtumeni mwanayo, mulekeni avale yekha ngakhale achedwe, ndipo akafunsa muyankheni. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.