Achinyamata olowa ntchito pakati pa chaka alipira msonkho woposa muyeso ku South Africa

JOHANNESBURG – Chaka chilichonse mwezi wa Julaye, bungwe lotolera misonkho m'dziko la South Africa, la SARS, limayamba kuwerengera misonkho ya anthu apantchito. Mwa amene bungweli limayenera kuwabwezera ndalama muli achinyamata olandira malipiro ochepa omwe angoyamba kumene ntchito, kuphatikizapo ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe amene analembedwa ntchito movomerezeka.

Gwero la nkhaniyi ndi kadulidwe ka msonkho wa PAYE, umene olemba ntchito amachotsa pa malipiro mwezi ndi mwezi. Chaka cha msonkho m'dzikolo chimayamba pa 1 Marichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale, ndipo lamulo limayang'ana zimene munthu wapeza m'chaka chonsecho. M'chaka cha 2024/25, munthu wosakwana zaka 65 amene anapeza ndalama zosapitirira R95,750 sanayenere kulipira msonkhowu. Koma wolemba ntchito podula msonkho amawerengera ngati kuti malipiro a mwezi umodziwo munthuyo adzawalandira miyezi 12.

Titenge chitsanzo cha mtsikana amene anayamba ntchito m'sitolo mu Seputembala 2024, pa malipiro a R10,000 pamwezi. Powerengera pachaka, malipirowo amaoneka ngati R120,000, choncho ankadulidwa pafupifupi R364 mwezi uliwonse. Pofika Febuluwale 2025 anali atalandira R60,000 yokha, imene ili pansi kwambiri pa malire aja. Msonkho wonse umene anadulidwa, pafupifupi R2,180, ndi wake ndithu. Kwa munthu amene akulipira lendi, thiransipoti komanso kutumiza kangachepe kumudzi, ndalama imeneyi si yochepa. Aganyu ena ogwira maola ochepa pasabata amadulidwa R25 pa R100 iliyonse, ndipo kwa iwo zoyenera kubwezedwa zimachulukirapo.

Vuto lagona pakuti kudula kumachitika kokha, pamene kubweza kumadikira kuti SARS iwerengere. Ndalama imene mtsikanayo anadulidwa mu Seputembala imakhala m'manja mwa boma miyezi pafupifupi khumi, ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja yochokera kwa munthu amene sangakwanitse kukongoza aliyense.

Palinso kusamvetsetsana. Kuyambira mu 2019, ambiri olandira ndalama zosapitirira R500,000 pachaka kwa wolemba ntchito mmodzi sakakamizidwa kutumiza fomu ya msonkho. Lamuloli linabwera pofuna kuchepetsa mizere m'maofesi a SARS, koma wachinyamata akamva kuti "sakuyenera kutumiza fomu" amaganiza kuti nkhani yatha, osadziwa kuti kusakakamizidwa sikutanthauza kuti boma lilibe naye ngongole.

Kunena chilungamo, zinthu zinasinthako. Kuyambira mu 2020, SARS yakhala ikuwerengera yokha misonkho ya anthu ambiri potengera zikalata zimene olemba ntchito, mabanki ndi ena amatumiza, kenaka n'kumudziwitsa mwiniwake pa foni kapena pa intaneti. Zonse zikakhala bwino, bungweli limati ndalama imalowa ku banki pasanathe maola 72, ngakhale kuti yosakwana R100 imasungidwa kudikira chaka china. Komabe njirayi imadalira zinthu zitatu zimene woyamba kumene ntchito kawirikawiri sakhala nazo zonse: nambala ya msonkho, chikalata cholondola cha IRP5 chochokera kwa wolemba ntchito, ndi akaunti ya ku banki ya m'dzina lake. Wochokera kunja amene ntchito yamuthera, watseka akaunti n'kubwerera kwawo, ndiye amene amataya mosavuta.

Chodabwitsa n'chakuti boma lilipo kale ndi chilimbikitso cha msonkho chokhudza achinyamata. Ndondomeko ya ETI, imene inayamba mu Januwale 2014, imachepetsa ndalama zimene kampani imapereka ku SARS ikalemba ntchito anthu a zaka 18 mpaka 29 olandira malipiro ochepa. Phindulo kampani imalipeza mwezi womwewo, pamene wachinyamata mwiniwake amadikira Julaye.

Nduna ya zachuma ikamalengeza malire a malipiro osadulidwa msonkho, ndi bwino kuifunsanso kuti ndi angati mwa olandira zochepa anadulidwa mopitirira, ndipo angati anabwezeredwa. Funso lomweli likuyenera mabungwe a MRA ku Malawi ndi ZRA ku Zambia, amene nawonso amatolera msonkho kudzera mu PAYE.