Afunseni Kaye Aphunzitsi Musanawaitane ku Wekishopu

Anthu amakonda kuseka aphunzitsi kuti amapita ku wekishopu cifukwa ca alawansi ndi nkhuku ya masana. Ine sindiseka nawo. Munthu mukamuitana kuti akhale masiku atatu akumva zinthu zosakhudza vuto lake, mufuna atengeko ciani kupatula ndalama ya transipoti?

Maphunziro oonjezera a aphunzitsi, amene a unduna amawacha CPD, ali ndi phindu pokhapokha akayankha funso limene mphunzitsiyo amagona nalo. Ndipo mafunso amenewa safanana. Mu 2022 boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000, caka comwe ca maphunziro aulere. Ena mwa iwo anakulira ku Kopabeloti akulankhula Cibemba, koma anatumizidwa ku midzi ya ku Katete kapena ku Chadiza, kumene mwana wa Giredi 1 amamva Cicewa cokha. Mphunzitsi wotere afunika womuthandiza cinenero, kuti akati "a, e, i, o, u" adziwe mawu a kumudzi omangirapo. Mnzake wa khomo lotsatira waphunzitsa zaka 20, cinenero acidziwa bwino, koma kalasi yamudzalira mpaka ana ena akhala pansi, ndipo silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 ifuna kuti mwana aliyense aoneke zimene atha kucita. Awiriwa mumawaika m'holo imodzi, projekita imodzi, pepala limodzi. Wina agona, winanso agona.

Cokhumudwitsa n'cakuti njira yabwino tili nayo kale. Lesson Study inayambira ku Central Province mu 2005 mothandizidwa ndi JICA: aphunzitsi a pasukulu imodzi asankha mutu umene uwavuta, akonza phunziro pamodzi, mmodzi aphunzitsa anzake akupenyerera, kenaka akambirana. Mphamvu yake ili pa mawu akuti "asankha". Catch Up nayo, imene igawa ana a Giredi 3 mpaka 5 monga mwa zimene atha kuwerenga, aphunzitsi amaigwira ndi manja awiri cifukwa vuto lake amaliona m'mawa uliwonse. Koma mutu ukangocokera kumwamba, msonkhano usanduka wosaina maina kuti faelo ikhale yodzaza oyendera masukulu akabwera.

Pali cosowa cina cimene akuluakulu sakonda kucimva, ndico ca m'thumba. Mphunzitsi amene peyisilipi yake yadyedwa ndi nkhongole amawerengera: kodi maphunziro awa andikweza sikelo? N'cifukwa cake ambiri amadzilipirira okha digiri ya distansi ku Chalimbana kapena kwina, kutha maholide onse m'makalasi. Ena amati kumeneko n'kudzikonda. Kudzikonda kotani, munthu wogulitsa mbewu zake kuti aphunzire? Colakwika n'cakuti akabwera ndi pepala, amadikira zaka malipiro asanasinthe, ndipo anzake akaona zimenezo amataya mtima.

Ndimva kale ena akuti, "Tikawasiya asankhe okha, adzasankha zofewa." Alipo otero, inde. Koma ahedi amawadziwa aphunzitsi awo, ndipo mabuku a ana sanama. Teaching Council of Zambia ndi maofesi a DEBS angayambe ndi cinthu cosadya ndalama: temu isanatseke, mphunzitsi aliyense alembe zinthu ziwiri zimene zamuvuta m'kalasi, ahedi asainepo, mapepala apite ku zoni. Pulogalamu ya holide ilembedwe atawerenga mapepalawo, ndipo wa ku Kopabeloti uja amupatse mphunzitsi wa kumudzi komweko woti azikhala naye Lacisanu lililonse masana.