Ambulansi Si Lole ya Katundu

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu uyenera ambulansi yoyera mbee kunja, koma m'kati muli magazi ouma a dzulo.

Alipo ena amene amati, "Galimoto ndi galimoto, bola ifike." Anthu otere amanyamuliramo cimanga, nkhuni ndi makala, naibweza ku cipatala osaitsuka. Mau ao ndi opusa, pakuti ambulansi ndiyo cipinda ca odwala coyenda pa mseu. Kacirombo ka nthenda ya ciwindi yochedwa Hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma masiku 7. Mai wopita kukacira akagona pa macira otere, angatenge matenda amene sanacoke nao kwao. Kolera imene inayamba ku Machinga m'caka ca 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Nthenda imeneyi imafala ndi cimbudzi ndi masanzi a wodwala, ndipo ambulansi yosatsuka ingaipereke kwa wokwera pambuyo pace.

Cifukwa cace wodwala akangotsika, macira ndi pansi pomwe zitsukidwe ndi madzi a klorini, ndipo nsalu zisinthidwe. M'mawa uliwonse woyendetsa ayang'ane mabuleki, matayala, nyali, mafuta ndi mpweya wa okosijeni. Akulu a cipatala asamkakamize kuyendetsa galimoto yoonongeka.

N'zoona kuti ndalama zimasowa, koma kuyang'ana tayala sikulira ndalama. Ambulansi ikafera pa njira usiku cifukwa ca tayala lotheratu, mai ali m'kati, limenelo si tsoka ai. Ndi ulesi wa munthu amene analiona nalilekerera.